Kandimu m'Botolo

Torika anali asanadutse n'komwe tchalitchi pochokera kusukulu pamene anamva mawu a malume ake, a Jolame. Bambo amenewo akakwiya mudzi wonse umadziwa, mpaka nkhumba za kuseri kwa phiri. Pakhomo pawo panali patadzaza kale anthu, ena akunamizira kuti abwera kudzapala moto.

Pakati pa bwalo panaima Apisai, mwana wamwamuna wa a Jolamewo, msuweni wake wa Torika. Chikwama cha mabuku chinali chikadali kumsana.

"Ndikufunsa komaliza," anatero a Jolame. "Lamulungu masana unali kuti?"

"Ndinali gone, ababa."

"Gone! Umagona m'madzi masiku ano ngati kamba?" Awa anali azakhali a Torika, a Vasiti, mlongo wa malemu bambo ake. "Alamu, maso angawa sanakalambe. Ndinali pakhonde panga kumtunda uko, anthu onse atagona ndi kukhuta. Ndinaona munthu akusambira kupitirira mtengo wa tabu, wotsekera madzi a maliro uja. Malaya obiriwira, nambala yoyera kumsana. M'mudzi muno malaya a mpira wa ragibi oterowo ali ndi ndani?"

Aliyense ankawadziwa malayawo. Apisai anatembenuza mutu pang'ono, maso ake n'kukumana ndi a Torika. Kenaka anayang'ana pansi.

"Malaya ndi anga, koma kumadziko sindinapiteko."

"Ndiye anapita okha? Ali ndi miyendo?" A Jolame anamuloza ndi chala. "Tsiku lija unamiza injini ya boti la abusa ndinakuuza kuti ukadzangolakwanso kamodzi, sukulu yathera pomwepo. Sitima ya Lachisanu ukwera. Ukadule nzimbe kwa abambo ako aang'ono ku Labasa. Koma usanakwere, ukagwada kaye pamaso pa banja la malemu."

Anthu anagwedeza mitu movomereza. Vuto la kutchuka ndi uchitsotso n'lakuti ngakhale nkhuku yotengedwa ndi kabawi amati waba ndiwe. Apisai anali wotero. Mango a aphunzitsi akasowa, anali iye. Ng'oma ya tchalitchi ikalira nthawi yolakwika, anali iye, ndipo nthawi zambiri analidi iye.

Koma ulendo uno sanali iye, ndipo Torika ankadziwa bwino lomwe. Mtsikanayo anafulumira kupita kwawo.

Kwathu kuno pachilumba cha Kadavu, munthu wa m'nyanja akamwalira timatseka madzi ake. Bambo a Torika, a Sailosi, atatisiya, akuluakulu anazika mtengo m'madzi, namangirira masamba a kokonati pamwamba pake. Kuyambira pamtengopo mpaka kuthanthwe la kunja inali tabu, kapena kuti malo oletsedwa, kwa masiku zana. Palibe woponya mbedza, palibe wosambira, palibe ngakhale wotola nkhono. Masikuwo akatha timakaphamo nsomba za phwando lotsiriza maliro, ndipo amasiye amavula zakuda. Wolowamo nthawi isanakwane amakhala ngati waponda pamanda. Tsono masikuwo anali atatsala pang'ono kutha.

Za malaya nazo n'zosavuta kumvetsa. Msuweni ndi msuweni. Akakonda chipewa chako amangochivula pamutu pako, iwe n'kuseka, mawa n'kumulanda nsapato. Loweruka lija Torika anaona malaya a Apisai ali pachingwe, anawatenga mwini wake akuona, n'kumutulutsira lilime.

Tisamuikire kumbuyo kuti Lamulungu lija, atavala malayawo, anangopita kukaona kumadzi otsekedwawo, ayi, chifukwa botolo la jamu anachita kulitenga kunyumba. Kuseri kwa mtengo wa tabu kunali korali wina wa nthambi, mwala wamoyo womera pansi pa nyanja, wotambalala ngati lichero. Bambo ake ankakonda kumutengera kumeneko madzi akaphwa. M'kati mwa nthambizo munkakhala tinsomba tiwiri tachikasu, tosaposa chala chachikulu. A Sailosi ankatitcha kandimu.

"Ukutiona? Uyu ndine, uyo ndi amayi ako," ankatero akuseka, madzi akuchucha m'ndevu. "Sitichoka pakhomo ife."

Mawu a bambo ake Torika anali atayamba kuwaiwala kamvekedwe kake, ndipo zimenezo zinkamuopsa kuposa tabu. Ankafuna kanthu kamoyo ka bambo ake koti azikaona tsiku lililonse. Atamira, anatipeza tinsombato pomwe ankatisiya. Anapisa dzanja, tinsomba tinalowa m'kati. Anakoka nthambi imodzi kuti aone bwino, nthambiyo inangoti thyo! Kamodzi kanatsalira pa nthambi yothyokayo, katakakamira. Anaika nthambi ndi kansomba komwe m'botolo n'kusambira kubwerera kugombe.

Botololo analibisa pansi pa boti la bambo ake, limene linali chivundikire kuseri kwa khitchini chiyambire maliro. M'mawa ndi madzulo ankapita kukasintha madzi.

Lachitatu ataweruka kusukulu anakwawiranso pansi pa botilo. Ali m'kati mothira madzi atsopano anamva Apisai akugogoda pamwamba.

"Odi kunyumba kwa a nkhanu! Wabisa chiyani kumeneko, mfiti iwe?"

"Zikukukhudza? Pita ukalongeze katundu wako."

Mawuwo atangotuluka anafuna kuwameza, koma anali atapita. Apisai anagwada, analowetsa mkono wake wautali uja n'kutulutsa botolo. Analikweza kudzuwa n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinakatola m'chithaphwi kugombeku, madzi ataphwa," anatero Torika asanafunsidwe.

"Msuweni, kuba umatha koma kunama ayi. Ta m'zithaphwi timakhala totuwa ngati mchenga, ukasendera timadumpha. Aka taona. Kachikasu thupi lonse. Kamutu kobulungira ngati kamenyedwa ndi chitseko. Mizere iwiri yabuluu yodutsa padiso, ina iwiri kuseri kwa mutu. Kadontho kakuda aka pamwamba pa chipsepse. Mamba kalibe, kamangoterera ngati therere. Kakhudze unyambite chala uone ngati sulavula. Bambo ako anandipusitsa nako ine, ndinatha tsiku lonse m'kamwa muli kuwawa."

Apisai analitembenuza botololo.

"Ndipo taona zipsepse za kumimbazi, zalumikizana ngati kakapu. N'zogwirira nthambi. Kandimu sayendayenda, amabadwira kuti akapeze korali wake, akamupeza basi, mpaka imfa. Tsono namondwe uja atathyola korali yense wa nthambi, anatsala pati?"

"Sindikudziwa."

"Pati, Torika?"

"Kuseri kwa mtengo wa tabu," anayankha motsitsa, misozi ili lengelenge. "Ukanena?"

Apisai anakhala pansi n'kutsamira boti. "Ndikanene kuti chiyani? Kuti amene waponda maliro a a Sailosi ndi mwana wawo yemwe? Amayi ako angoyamba kumene kudya bwino. Ine kukalipiridwa ndinazolowera, msana wangawu ndi wa ng'ombe. Komanso nzimbe n'zokoma. Ndidzabwera mano onse atatha, udzandiseke bwino."

Anayesa kuseka koma kuseka kwake sikunamveke. Torika ankadziwa zimene msuweni wakeyo ankazisiya. Apisai anali wovuta, koma masamu ankawamwa ngati madzi, ndipo chiyambire ubwana ankanena kuti adzakhala wokonza injini za sitima zikuluzikulu. Wopita kukadula nzimbe pa msinkhu umenewo sabwereranso m'kalasi.

"Koma kansomba kakoka kakufa," anatero Apisai pomubwezera botolo. "Koraliyu wayamba kuyera, wanunkhanso. Ungasinthe madzi kakhumi, sizithandiza."

Anadzuka, anasansa mchenga n'kumapita osacheuka.

Lachinayi Torika anatsimikiza mtima kuti awauza amayi ake, a Unaisi. Anawapeza m'khitchini akupala kokonati wothira m'nsomba, atavala diresi lawo lakuda lomwe lija, limene linali litayamba kung'ambika m'khwapa. Anakhala pafupi n'kuyamba kusenda chinangwa.

"Amayi, nkhani ya Apisai ija..."

"Usandikumbutse, mwanawe. Chandipweteka n'chakuti bambo ako ankamukonda mwana ameneyo ngati wobala okha. Kusambira anamuphunzitsa ndi iwo. Lero akawalipire chonchi?" Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Bola iwe mwana wanga sundichititsa manyazi. Ndikakuona, mtima umakhala pansi. Umati chiyani?"

"Palibe, amayi. Ndimati n'zomvetsa chisoni."

Mpeni unaterereka n'kumucheka chala. Sanamve n'kupweteka komwe.

Lachisanu linafika. Sitima imaima kunja kwa thanthwe masana, anthu n'kupitako pa maboti. Chikwama cha Apisai chinali kale kugombe, chomangidwa ndi chingwe. Mwambo wopepesa unachitikira m'nyumba ya malemu, ndiye kuti kwa Torika komwe.

Mkeka waukulu unayalidwa. Kumtunda kunakhala a Waisale, mkulu wake wa malemu, amene ankayankhulira banja. Pambali pawo panali a Vasiti ndi a Unaisi, ndipo Torika anamukhazika pakati pa awiriwo monga mwana wa womwalirayo. Iye ndiye anali wodzapepesedwa. Pamiyendo pake, pansi pa chitenje, anali atafumbata botolo lija. Chimene analitengera sankachidziwa bwino ngakhale iye mwini. M'mawa umenewo anapeza kandimu atatuwa, akupuma mofulumira, ndipo analephera kumusiya yekha pansi pa boti.

A Jolame analowa chogwada atanyamula mtolo wokulungidwa bwino wa mizu ya kava, imene timafulira chakumwa cha pamwambo. Apisai ankawatsatira akukwawa, mutu uli pansi. Kunja anthu anaunjikana m'mazenera.

Mwambo umenewu uli ndi lamulo lake. Wopepesa amayankhula atagwira mizuyo. Akamaliza, wolandira amaikapo manja, amayankha, onse n'kuomba m'manja. Zikatero nkhani yatsekedwa, ndipo palibe amene angaitsegulenso. Wogwadayo wakhululukidwa, komanso ndiye wolakwa mpaka kale.

A Jolame anayamba ndi mawu otsika, osiyana ndi a tsiku lija.

"Eni nyumba ino, ndabwera ndi nkhope yamanyazi. Mlamu wanga Sailosi anali munthu wa mtendere. Madzi munatseka kuti timulemekeze, mwana wa m'nyumba mwanga wawadetsa. Ndinalephera kulera. Kamtolo aka n'kochepa, koma tikupempha kuti mutiyang'anenso ngati abale."

Mawu awo anathyoka pomaliza. Bambo wamkulu ngati ameneyo kulira pagulu, Torika anali asanaonepo. Anayang'ana Apisai. Chipumi chake chinali chitatsala pang'ono kukhudza mkeka, ndipo pamkekapo panagwa dontho, kenaka lina.

Kutali kunamveka kulira kwa sitima.

A Waisale anakonza kukhosi, anasendera kutsogolo n'kutambasula manja onse awiri kulunjika pamtolo uja.

"Musalandire!"

Onse anatembenukira kwa Torika. Mwana wamkazi kuyankhula pakati pa mwambo, n'kale lomwe sizinamveke. A Vasiti anamutsina pantchafu.

"Wapenga? Khala chete!"

"Abambo aakulu, chonde musalandire." Torika anatulutsa botolo lija mofulumira mpaka madzi kutayikira, n'kulikankhira pakati pa mkeka pafupi ndi mizu ya kava.

"Nanga ichi n'chiyaninso?" anafunsa a Vasiti. "Tili pa zaulemu, iwe ukutibweretsera zoseweretsa?"

A Jolame, amene moyo wawo wonse wathera m'madzi, ananyamula botolo n'kulilozetsa kuzenera. Anaona kanthambi koyera kaja ndi kansomba kali kakamire pamenepo. Milomo yawo inayenda ngati akuwerenga mizere.

"Aka sikapezeka kugombe," anatero pang'onopang'ono. "Kapena kuthanthwe la kumpoto. Korali wake anatsala malo amodzi okha."

"Kandimu," ananong'ona a Unaisi, atagwira pakamwa.

Apisai anadzutsa mutu. "Ndinamupatsa ndine. Ndinakatenga ine n'kumupatsa."

"Akunama!" Torika anali akulira tsopano. "Malaya ake ndinamulanda Loweruka ali pachingwe. Amene munamuona, azakhali, ndine. Nthambiyi ndinathyola ndine, onani." Anatambasula mkono. Pamwamba pa dzanja panali mikwingwirima yofiira ya korali, imene sabata yonse ankaibisa m'thumba la yunifolomu. "Ndimafuna ababa. Ndimangofuna kanthu kawo."

A Vasiti anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Aka kanali koyamba m'mbiri ya mudzi wathu kuti mawu awathere. A Waisale anabweza manja awo n'kuwaika pamaondo.

A Jolame anatembenukira mwana wawo. "Iwe unkadziwa?"

"Eya, ababa."

"Bwanji sunanene?"

"Ndinanena kuti sindinapiteko. Munandikhulupirira?"

A Jolame anayang'ana mtolo wa kava, anayang'ana denga, anayang'ananso mtolo. Anali munthu woti mawu akuti pepa kwa mwana sanawatchulepo, ndipo tsiku limenelonso sanawatchule. Anangoika dzanja lawo lalikulu pakhosi pa Apisai n'kulisiya pomwepo.

"Thamanga kugombe," anatero. "Katenge chikwama chija asanachikweze m'boti. Lolemba usachedwe kusukulu."

Apisai anatuluka chokwawa, koma atangofika pakhomo anthu anamva mapazi ake akuthamanga.

Torika anasendera kwa a Waisale chogwada. "Abambo aakulu, chilango chilichonse ndilandira. Koma ndiloleni ndikakabwezere kansombaka. Kakadali moyo. Mnzake ali komweko. Ndingopita n'kubwerako."

A Waisale anamuyang'ana mwachifundo, koma anapukusa mutu.

"Madzi ndi otseka, mwana wanga. Ndi otseka kwa wotenga, ndi otsekanso kwa wobweza. Tikakulola iwe lero, mawa tidzamukaniza ndani?" Anapumira m'mwamba. "Ndipo popeza alowedwa ndi wa m'nyumba muno, masiku aja afafanizika. Tiyambiranso kuwerenga lero. Phwando lidikira. Mtolo uwu, alamu, bwererani nawo. Mawa ndife tibwere ndi wathu kwanu, ndipo wogwada akhala uyu."

"Ndamva," anatero Torika.

Sanayerekeze kuyang'ana amayi ake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo aliyense m'nyumbamo anaona kuti chilango chilichonse chogwera mwanayo chikugweranso mayi wamasiye amene wakhala naye pambali.

Anthu atabalalika, Torika anatenga botolo lake n'kukakhala pamchenga. Mtengo wa tabu unkaoneka bwinobwino, masamba ake akuuluzika ndi mphepo. Munthu wodziwa kusambira akanafikapo asanatope n'komwe. Sitima inaliranso, inatembenuka n'kuyamba kuchepa.

Apisai anabwera chikwama chili paphewa, n'kukhala pambali pake. Torika anadikira kuti amunyoze monga mwa masiku onse, ndipo akanakonda kuti atero, koma mnyamatayo anangotula chikwama pamchenga. Onse awiri ankangoyang'ana m'botolo. Kandimu anagwira nthambi yake yakufayo mpaka dzuwa litapendeka. Kenaka anaitaya, anatsetsereka pang'onopang'ono n'kugona cham'mbali pansi pa botolo.

Torika analira kulira kumene sanalire ngakhale tsiku la maliro. Mtima unkamupweteka chifukwa cha bambo ake, chifukwa cha kansomba kotsala kokha m'korali muja, komanso chifukwa choti zonsezi anazichita ndi manja ake.

Atabwerera kunyumba anayembekezera mkalipo, koma sunabwere. Amayi ake anali atakhala pakhomo atadzifunda chitenje, diresi lakuda lija lili pamiyendo. Sabata yathayo anali atanena kuti salisokanso, popeza latsala pang'ono kuvulidwa. Tsopano anali atatulutsa singano ndi ulusi wakuda. Anayesa kulowetsa ulusiwo, unaphonya. Anayesanso, unaphonyanso, chifukwa m'maso mwawo munali mutadzaza misozi.

Torika anagwada pambali pawo. "Amayi, bweretsani ndikulowetsereni."

A Unaisi anamuyang'ana kanthawi, kenaka anamupatsa singanoyo.